Kukonzekera Mafunso Okwerera Udindo M'mafakitale a Tiyi ku Thyolo

 Nkhani yathu lero yachokera m'minda ya tiyi ku Thyolo, koma ndikhulupirira kuti wogwira ntchito kufakitale ya shuga ku Nchalo kapena ku Dwangwa, ngakhalenso wokonza makompyuta mumzinda wa Blantyre, apezamo lake.

Tiyambe ndi chinthu chimene chimachitika kawirikawiri. Pabolodi la zidziwitso pakhomo la fakitale pamatidwa pepala lonena kuti pakufunika woyang'anira shifiti. Bambo wina amene wakhala zaka 12 pamakina oumitsira tiyi, munthu wozindikira kuti makina adwala pongomva kulira kwake, alemba kalata yofunsira udindowo. Tsiku la mafunso avala malaya ake a kutchalitchi, nalowa m'chipinda mmene mwakhala anthu anayi kuseri kwa tebulo. Patapita mphindi 20 atuluka thukuta lili kamukamu. Sabata yotsatira amva kuti udindo uja wapita kwa mnzake amene sanakwanitse ngakhale zaka 5 pantchito. Pofika Loweruka, pamsika wa Luchenza nkhani yamveka kale yakuti pali kukondera.

Sindikana, kukondera kulipo m'dziko, ndipo ndinenapo kutsogoloku. Koma nthawi zambiri chimene chagwetsa bambo uja ndi china. Iye analowa m'chipindamo atakonzeka kusonyeza kuti amadziwa kuyendetsa makina, pamene ofunsawo anali kudziwa kale zimenezo. Ndicho chifukwa chake anamuitana. Funso lawo linali lina: kodi munthu ameneyu tikamusiyira anthu 40, makina onse ndi masamba a tsiku lathunthu, ife n'kukagona, m'mawa tidzapeza zotani? Pamene ndinali kukoleji ya aphunzitsi, otiphunzitsa akabwera kudzatiyesa m'kalasi ankakhala kumbuyo, maso awo ali pa ana, osati pa ife. Ambiri tinkadabwa poona malikisi otsika titalankhula bwino chotere, osadziwa kuti chimene chinkayesedwa ndi zimene anawo ankachita chifukwa cha ife. Mafunso a utsogoleri ali chimodzimodzi.

Tiyi ndi mbewu yakale m'dziko muno. Anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, nafalikira ku Thyolo pambuyo pake. Esiteti ya Satemwa inatsegulidwa m'chaka cha 1923, ndipo maina monga Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima ndi Makwasa ngodziwika kwa mwana aliyense wa m'bomali. Kale munthu ankakwera udindo chifukwa bwana wamuona ndi maso namukonda. Masiku ano zinthu zinasintha. Ogula tiyi wathu, kaya pa okushoni ya ku Limbe kaya mwachindunji ku Britain ndi ku South Africa, amafuna umboni wolembedwa wa ukhondo, wa chitetezo cha antchito ndi wa kasamalidwe ka chilengedwe, ndipo mabungwe monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade amatumiza anthu odzayendera mabuku. M'minda yambiri masamba akupimidwa pamasikelo amagetsi amene amasunga okha makilogalamu a wothyola aliyense. Komanso kuchokera m'chaka cha 2014 sukulu ya ukachenjede ya MUST ili pa Ndata, m'boma la Thyolo momwemo, ndipo chaka ndi chaka ikutulutsa achinyamata odziwa za makina ndi makompyuta. Wantchito wakale akupikisana ndi amenewa. Asataye mtima: ali ndi chuma chimene wa digiri alibe, ndicho zaka zake m'fakitale. Vuto n'lakuti chumacho chili m'manja mwake, ndipo m'chipinda cha mafunso manja salankhula. Ayenera kuchisamutsira pakamwa.

Chofunika choyamba ndi kudziwa ulendo wonse wa tsamba, osati chigawo chanu chokha. Wa kumakina oumitsira adziwe za kumunda, wa kumagetsi adziwe za kukoma kwa tiyi. Tsamba lothyoledwa bwino, ndiye kuti masamba awiri ndi nsonga, limafika kufakitale lili ndi madzi pafupifupi magawo 78 pa 100 alionse. Limayalidwa pa zoyanikira zazitali zokhala ndi sefa pansi, mmene mafani amapoperamo mpweya kwa maola 12 kufikira 18, mpaka lifote, madzi atsike kufika cha m'ma 70. Likafota limapita kumakina odula ndi kuphwanya, a mtundu wa CTC kapena LTP. Zoduladulazo zimasiyidwa kuti zikhudzane ndi mpweya kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, nizisintha kuchoka pa kubiriwira kufika pa kufiirira konga mkuwa. M'fakitale amati fermentation, ndipo mpamene mtundu ndi mphamvu ya tiyi zimabadwira. Kenaka moto wa makina oumitsira umaimitsa kusinthako ndi kutsitsa chinyezi kufika pa magawo 3 okha pa 100. Pomaliza tiyi amasefedwa, kuchotsedwa timitsitsi ndi kugawidwa m'magiredi monga BP1, PF1, PD ndi D1.

Kuloweza ndondomeko imeneyi sikokwanira, pakuti mwana wa Fomu 2 akhoza kuiloweza. Ofunsa amafuna kumva chifukwa chake. N'chifukwa ninji makilogalamu 100 a masamba aawisi amatulutsa makilogalamu 22 okha, kapena 23, a tiyi wouma? Chifukwa otsalawo anali madzi. Ndiye kuti kilogalamu imodzi ya tiyi imadya makilogalamu anayi ndi theka a masamba. Munthu wodziwa samu imeneyi akauzidwa kuti usiku walandira makilogalamu 20,000 a masamba, amadziwa pompo kuti ayenera kupereka pafupifupi makilogalamu 4,400, ndipo akapereka 3,900 amayamba kufufuza yekha asanafunsidwe: kodi masamba anabwera onyowa ndi mvula, madzi n'kupimidwa ngati tsamba? Kodi tiyi akutayika pansi pa malamba, kapena akuuluka ndi mpweya wa makina oumitsira? Woyang'anira ndiye munthu amene manambala amamupweteka.

Tsopano tifike pa funso limene ndilikonda, chifukwa limavula munthu. Ofunsa angathe kunena kuti: ndi mwezi wa February, pakati pa dzinja, pamene tiyi akuphuka kwambiri. Nthawi ndi 2 koloko usiku. Zoyanikira zonse zadzaza, makina onse akuyenda, ndipo magetsi azima. Muchita chiyani? Limeneli si funso longopeka. Aliyense akukumbukira mmene namondwe wa Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndiponso mmene namondwe wa Freddy anakanthira maboma a kummwera mu March 2023.

Wosakonzeka amayankha mwachangu kuti, "Ndiyatsa jenereta," n'kukhala chete, akuyesa kuti wamaliza. Wina amati, "Ndiimbira foni a manijala," ndipo ameneyu wadzichotsa yekha pampikisano, popeza wanena kuti iye ndi mthenga chabe. Wokonzeka amayamba ndi anthu. Amati choyamba aonetsetsa kuti aliyense wachotsa manja m'makina ndipo masiwichi azimitsidwa, chifukwa magetsi akabwerera mwadzidzidzi makina odula aja sadziwa kusiyanitsa tsamba ndi chala. Akatero amaganiza za tiyi amene afulumire kuonongeka. Wodulidwa kale uja sadikira munthu. Akupitirira kusintha mumdima momwemo, ndipo akapitirira muyeso amatuluka wozimirira, wopanda mphamvu, wogwa mtengo. Choncho jenereta ikayaka, mphamvu yoyamba ipite kumakina oumitsira, ndipo kudula masamba ena kuyambe kwaima mpaka amene adulidwa kale atatha. Mafani a pa zoyanikira nawonso asaiwalike, pakuti masamba ounjikana opanda mpweya amatentha okha nafiira. Ngati mphamvu yachepa, anthu awatembenuze ndi manja ndi kuwayala mopyapyala. Wa kuboyila auzidwe asunge moto. Zonsezi zikuchitika, manijala adziwitsidwe, osati kuti anene chochita, koma kuti adziwe chimene chachitika ndi kuganiza ngati kumunda achepetse kuthyola m'mawa. Pomaliza zonse zilembedwe m'buku: nthawi imene magetsi anazima, nthawi imene anabwera, ndi tiyi amene wapatulidwa kuti akalawidwe payekha. Yankho lotere silifuna Chingerezi chozama. Likhoza kusiyana pang'ono malinga ndi makina a fakitale yanu ndi kukula kwa jenereta yanu, ndipo n'chifukwa chake muyenera kufunsa amagetsi masiku asanafike kuti jeneretayo imanyamula makina angati. Safunsa anadya phula.

Chinthu china chimene chimatigwetsa ife Amalawi ndi ulemu wathu womwe. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama, kuti polankhula ndi wamkulu maso ayang'ane pansi, ndi kuti chabwino chilichonse tizinena kuti tinachita tonse. Khalidwe limeneli ndi lokoma pamudzi, ndipo sindikuti litayidwe. Koma ofunsa akati, "Tiuzeni vuto limene munathetsa," inu n'kuyankha kuti, "Timayesetsa ndithu, bwana, mogwirizana ndi anzathu," mwawapatsa mpweya. Iwo sakukweza gulu. Akukweza munthu mmodzi. Kunena zoona zimene munachita, popanda kuonjezera, si kudzitama ayi.

Njira yake ndi iyi. Masabata awiri mafunso asanafike, khalani pansi ndi kope, mukumbukire nkhani zitatu kapena zinayi zenizeni za pantchito panu. Iliyonse ikhale ndi mmene zinthu zinalili, chimene inuyo munachita, ndi chimene chinatsatira, makamaka chokhala ndi nambala. Tiyerekeze kuti lamba wina ankaduka kawiri pasabata, nthawi iliyonse ntchito n'kuima ola lathunthu. Inu munaona kuti gudumu lake linapendekeka, munauza amakaniko, munakhala nawo Lamlungu polikonza, ndipo lambayo anatha miyezi itatu osaduka. Nkhani imeneyi imatha mphindi ziwiri, koma imanena zambiri kuposa kulumbira kuti ndinu wolimbikira. Tchulani anzanu amene anathandiza, inde, koma mbali yanu imveke. Ndipo mwa nkhanizo imodzi ikhale ya kulakwa kwanu, chifukwa funso limenelo limabwera ndithu. Amene amati sanalakwepo amadziwika kuti kaya ndi wabodza kaya sanapatsidwepo chinthu cholemera. Nenani kuti tsiku lina munatulutsa tiyi wosauma bwino chifukwa munakhulupirira dzanja m'malo mopima, kuti munakanena nokha, ndi kuti kuyambira pamenepo mumapima ola lililonse. Ofunsa amapumira m'mwamba akamva munthu wokanena yekha, pakuti woyang'anira wobisa zolakwa ndiye amene amawadzidzimutsa ndi kontena yobwezedwa kuchokera kunja.

Pali gawo limene ambiri salikonzekera n'komwe, ndilo la anthu. Dzulo munali kudyera limodzi nsima pansi pa mtengo wa bulugamu. Lero ndinu wolemba maina a ochedwa. Pakati pawo pali mlamu wanu, pali mkulu wa mpingo wanu, pali bambo wa msinkhu wa atate anu amene anakuphunzitsani ntchito. Ofunsa adzati: mlamu wanuyo wabwera ataledzera ndipo ali pamakina, mutani? Yankho la nkhanza, lakuti mumuchotsa ntchito pomwepo, ndi lolakwa, chifukwa lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, pa ndime 57, limati munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka ndiponso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Kuonjezera apo, mphamvu yochotsa munthu si ya woyang'anira shifiti. Yankho la chifundo, lakuti mumubisa kuseri kwa matumba mpaka mowa umuthere, ndi lolakwanso. Choyenera ndi kumuchotsa pamakina nthawi yomweyo pamaso pa mboni, kuika wina m'malo mwake, kulemba lipoti, ndi kusiya mwambo wa kampani uyende monga ungayendere kwa wina aliyense. Za ubale mukakambirana kunyumba.

Tisaiwale kuti dzina lakuti kapitawo lili ndi mbiri yolemera ku Thyolo. Agogo athu a m'nthawi ya thangata, limene linathetsedwa mwalamulo m'chaka cha 1962, ankaopa kapitawo nthawi zina kuposa mwini munda, chifukwa ndiye anali pafupi, ndiye ankalemba tikiti. Ndipo mphamvu imeneyo ikagwa m'manja oipa imapwetekabe mpaka lero. M'chaka cha 2021 dandaulo la amayi 36 a m'minda ya tiyi ya kuno, amene anasumira ku London kampani ina ya ku Britain ponena kuti anachitidwa nkhanza zokhudza kugonana ali pantchito, linatha ndi mgwirizano wa kunja kwa khoti wa ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni, kampaniyo osavomera mlandu. Kuchokera pa nkhani zotere, wofuna udindo m'minda ya tiyi ayembekezere kufunsidwa kuti: mayi wina akabwera kwa inu mwamseri kudzadandaula za mnzanu, mutani? Dziwani kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa mchitidwe umenewu. Dziwani kumene madandaulo otere amapita pa esiteti yanu, ndi kuti si inu woweruza, si inu wogwirizanitsa awiriwo ngati ankhoswe, ndipo si nkhani yokamba pagulu. Kwa amayi ndi asungwana amene mukumvera, ndinene kuti pamipando ya uyang'aniro mukadali ochepa. Pepala likamatidwa pabolodi, lembani kalata. Ndime 5 ya Employment Act imaletsa kusala munthu chifukwa ndi mkazi, kapena chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake ngakhale chilankhulo chake.

Malamulo ena awiri ndi oyenera kuwadziwa, ngakhale mitu yake yokha. Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997 ndiyo imanena za zotchingira makina, zovala zodzitetezera ndi kuyendera maboyila. Workers' Compensation Act ya 2000 imanena za chipukutamisozi munthu akavulala pantchito, ndipo n'chifukwa chake ngozi iliyonse, ngakhale yooneka yaing'ono, iyenera kulembedwa tsiku lomwelo. Werenganinso mgwirizano wa pakati pa Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la PAWU, umene unasainidwa koyamba m'chaka cha 2016 ndipo umaunikidwanso nthawi ndi nthawi. Funsani nthumwi ya bungwelo ikuonetseni umene ukugwira ntchito tsopano. Woyang'anira wosadziwa maola a ntchito ndi malipiro a ovataimu amayambitsa sitiraka osadziwa.

Za mapepala ndisachulutse. Tengani masatifiketi enieni pamodzi ndi mafotokope ake, kaya ndi MSCE, kaya Trade Test, kaya a maphunziro a TEVETA, ngakhalenso aja a masiku atatu a chithandizo choyamba amene munawaponya pansi pa sutikesi. Ngati simunagwirepo kompyuta, pemphani kalaliki akuonetseni mmene malipoti a tsiku amalembedwera. Ndi bwino kunena kuti mwayamba kuphunzira mwezi watha kusiyana ndi kunena kuti zimenezo ndi za ana. Mafunso ambiri amakhala m'Chingerezi, popeza malipoti amalembedwa m'Chingerezi. Yeserani mokweza mawu, mwana wanu wa kusekondale akhale wofunsa. Koma musaloweze mayankho ngati ndakatulo, chifukwa wofunsa akangokudulani pakati, zonse zimabalalika. Mawu akakuthawani pa mfundo yofunika, pemphani mwaulemu kuti muimalize m'Chichewa. Ofunsa anzeru amasankha mfundo yomveka kusiyana ndi Chingerezi chopanda kanthu. Funso limene simukulidziwa, nenani kuti simukulidziwa, ndipo onjezerani kumene mungakapeze yankho. Kunena za zithumwa za m'thumba ndi mafuta odzola pankhope, ine sindinamvepo kuti zinauza munthu chinyezi cha tiyi. Ndipo wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu lidutse, dziwani kuti udindo wogula umakhala ndi mwini wake, amene adzabwera kudzatenga zake mwezi ndi mwezi.

Kumapeto ofunsa amakonda kunena kuti, "Kodi muli ndi funso?" Ambiri amati alibe, pofuna kuthawa msanga. Pamenepo mpamene muyenera kudziteteza, pakuti walira mvula walira matope. Funsani kuti mudzayang'anira anthu angati ndipo mudzayankha kwa yani. Funsani ngati pali nthawi yoyesedwa, ndi chimene chidzachitike mukapanda kukhoza: kodi mudzabwerera pamalo anu akale, kapena mudzapezeka panja? Funsani ngati ovataimu idzapitirira, chifukwa m'malo ena munthu akalowa m'gulu la olandira pamwezi ovataimu imatha, ndipo m'miyezi ya dzinja angathe kutenga ndalama zochepa kuposa anthu amene akuwayang'anira. Funsani za nyumba, ngati udindowo ukufuna kuti musamukire pafupi ndi fakitale, ana n'kusintha sukulu. Mafunso otere sakhumudwitsa wofunsa wabwino. Amamusonyeza kuti mwaganizira za udindowo, osati za dzina lake lokha. Zimene mwagwirizana zilembedwe m'kalata musanayambe.

Nanga mukalephera? Dikirani masiku angapo mtima utsike, kenaka pitani kwa mkulu woona za antchito, mufunse modekha kuti munaperewera pati. Ena adzakuyankhani mozemba, koma ena adzakuuzani zoona, ndipo mukamva kuti ndi masamu kapena malipoti, mwapeza ntchito ya chaka chino. Pemphani kuti woyang'anira akapita kutchuthi muzigwirizira malo ake, ndipo kugwirizirako kulembedwe m'failo yanu, chifukwa pa mafunso otsatira mudzakhala ndi nkhani za utsogoleri weniweni zoti munene. Koma ngati muli ndi umboni wakuti munakanidwa chifukwa cha mtundu, chifukwa ndinu mayi, kapena chifukwa munakana kupereka chimene simuyenera kupereka, musakathere mawu pamsika. Yambani ndi njira ya madandaulo ya pakampani pamodzi ndi nthumwi ya bungwe la antchito. Zikakanika pitani ku ofesi ya zantchito paboma, ndipo pamwamba pake pali khoti la Industrial Relations Court, limene linakhazikitsidwa kuti lizimva milandu ya pantchito. Sungani kalata yoitanira mafunso, lembani tsiku, maina a amene analipo ndi mawu amene ananenedwa, mukadali kuwakumbukira bwino, ndipo musachedwe kukadandaula, pakuti madandaulo a pantchito ali ndi nthawi yake yoikika.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Amene muli ndi mafunso lemberani kuno kunyumba ya mphepo, ndipo tidzawayankha m'pologalamu yomwe ino. Tsalani bwino.